Masekondi Anayi a Chitseko

Kawale, usiku wa Lachinayi.
Jenereta ya oyandikana nawo ikutsokomola kuseri kwa mpanda,
muno ndili ine, laputopu, ndi mzukwa wa aNangondo.

Ndikuuzeni za ntchito yathuyi:
mzukwa sujambulidwa.
Umajambula mpando umene wangosiyidwa kumene,
kapu ya tiyi ikadafuka nthunzi,
katani ikubwerera pamalo pake
ngati wina wangoikhudza ndi phewa.
Mpata wotsalawo oonera amadzaza okha,
aliyense ndi akufa akwawo.

Lonjezo anagoneka kamera pa simenti,
pamsinkhu wa mwana wokwawa.
Ukayang'anira pamenepo tebulo ndi phiri,
mwendo wa bedi ndi mtengo wakumanda,
ndipo bambo wandevu ali phee pa sofa ku Area 49
amabwerera osadziwa ku zaka zake zinayi,
nthawi imene mdima unali ndi mapazi.

Nyali tinaikulunga m'jumbo yabuluu
yochokera mumsika wa Tsoka.
Nkhope ya mtsikana uja inazizira pompo.
Theka tinaliwalitsa, theka tinalisiyira usiku,
pakuti wobisa mlandu
sayenera kuoneka yense.

Wotsogolera sewero ankafuna ng'oma, ankafuna kadzidzi.
Ndinakana. Kadzidzi amagogoda asanalowe.
Ine ndinachotsa m'malo mowonjezera:
ndinazimitsa kung'ung'udza kwa furiji,
kenako nkhululu,
kenako minibasi yakutali yoitanira za ku Biwi,
mpaka kunati zii.
Khutu likasowa chogwira
limathamanga kukadzutsa mtima.

Tsono chitseko.
Chikakhala pagalasi masekondi awiri, ndi chitseko basi.
Atatu, mwina ndi mphepo.
Anayi, kuseriko kwaima munthu.
Asanu, woonera watola foni yake,
mzimu wabwerera wopanda omvera.
Ndathera sabata yonse pakati pa atatu ndi asanu.

Zonsezi ndimazidziwa, ndimaphunzitsanso anyamata.
Chimene sindinaphunzire ndi ichi:
aNangondo anatisiya mu Epulo, ku Central,
sewero lisanaoneke.

Ndiye ali muno, m'zidutswa zoyenera kutayidwa.
Kumaso apakidwa ufa, m'manja muli tchipisi cha papepala,
akukalipira Lonjezo kuti waponda chitenje chawo.
Agona pamkeka, atseka maso, tonse tili duu,
kenako diso limodzi tsegu:
"Kodi ndafa bwino, kapena tibwereze?"
Gulu lonse kuphulika ndi phwete,
kamera kugwedezeka.

Apa palibe nyali yabuluu.
Dzuwa la masana, ntchentche, wina akuyasamula.
Palibe luso lililonse limene tinaikapo,
koma ndi pomwe tsitsi langa limaima.
Ndimabweza. Afunsanso.
Ndimabweza. Afunsanso,
ndipo chala changa chili pabatani
ngati cha munthu amene wapatsidwa mphamvu yosamuyenera.

Lamulo likuti dula.
Mzukwa sudya tchipisi, mzukwa suseka.
Ndadula.

Koma pansi pa chete uja wa pachitseko
ndabisa kanthu kamodzi:
mpweya umene ankakoka asanayambe mawu awo,
kakufupi, kolira pang'ono m'mphuno yakumanzere.
Ndautsitsa mpaka mita yamawu ikungophethira.
Wotsogolera sadzaumva.

Lamlungu madzulo mzinda udzakhala pansi,
Mchesi, Chilinde, Mtandire, kumene magetsi adzalole,
ana adzabisa nkhope m'zitenje za amayi awo
osadziwa chawaopsa n'chiyani.
Koma ku Chinsapo kuli mwana wawo wamkazi, Mwatitha,
amene anagona pambali pa mpweya umenewo zaka makumi awiri.
Sindikudziwa ngati ndamupatsa mphatso
kapena ndamubera tulo.

Jenereta yazima.
Batire yatsala ndi mphindi khumi ndi imodzi.
Pagalasi chitseko chikadali chotseka,
ndipo ndadzipeza ndikuwerenga chamumtima,
imodzi, awiri, atatu