Katoni ya Pansi pa Galimoto

M'mawa uliwonse ndimasolola katoni
pansi pa galimoto, ndili chogwada,
monga namwino woyang'ana bandeji.
Lolemba dontho linali ngati ndalama yachitsulo.
Pofika Lachisanu, chikhatho changa sichikanalibisa.

Pa maloboti a ku Rosettenville
fungo la oyilo wopserera linalowa mkati.
Mayi wa mpando wakumbuyo anafunsa m'Chizulu
ngati tikupsa. Ine ndinaseka.
Anatsika asanafike kwawo,
nandisiyira nyenyezi ziwiri pa foni.

Ku galaja ya ku Booysens,
komwe pansi mpoyera kuposa mbale zanga,
mnyamata wa ovololo yosita anatsegula boneti
osadetsa chala. Analoza ndi cholembera:
gasiketi ya chivindikiro cha mavavu yatha,
marandi zikwi zitatu.
Ndinati, kamphira kokhaka?
Kamphirako ndi mazana anayi, anatero,
zinazo ndi za manja.

Ndinayang'ana manja anga.
Anaumbapo njerwa ku Nsipe,
ananyamulapo matumba a simenti ku Germiston
mpaka zikhadabo kusweka.
Angalephere mabawuti khumi?
Komanso zikwi zitatuzo zinali kale ndi dzina:
malata. Nasibeko akuwadikira mvula isanagwe.

Lamulungu, kuseri kwa fulati ku Turffontein,
chisanu cha Julayi chikuluma makutu,
sipanala yobwereka kwa Mgawi,
ndinavundukula chivindikiro.
Aka kanali koyamba kuona mkati mwa chinthu
chimene chimandidyetsa:
zitsulo zonyowa, zofiirira ngati uchi,
zogona m'mizere, zachete.
Mphira yakale inathyokera m'manja
ngati bisiketi wogonera.

Yatsopano inalowa bwino m'njira mwake.
Ndinamanga bawuti yoyamba, yachiwiri,
ndikuimba ndi mluzu.
Pa yomaliza ndinakumbuka katoni ija,
ndinakumbuka mayi uja,
ndiye ndinati ndiwonjezere pang'ono pokha,
lisadzatulukenso ndi dontho limodzi.

Thwa.

Mng'alu wake unali wowonda ngati tsitsi.
Ndinaupukuta ndi chala, mwina nkuchoka.

Che Mtila anabwera Lolemba masana,
bokosi la zida lili paphewa.
Galaja yawo ndi mthunzi wa khoma ku Jeppe,
risiti salemba.
Anayendetsa chikhadabo pamng'alupo,
osanditukwana, zomwe zinawawa kwambiri.
Achimwene, anatero, bawuti iyi
samanga ngati ukumanga mbuzi yolusa.
Umamanga ngati ukutseka chitseko
mwana ali m'tulo.

Ndiye werengani nane.
Chivindikiro cha ku sikirapu, chochotsedwa
pa galimoto imene mwini wake sindinafunse
ngati anatulukamo wamoyo: chikwi ndi theka.
Gasiketi ina, poti yoyamba ndinaifinya: mazana anayi.
Che Mtila: mazana asanu ndi limodzi, ndi chitini cha kokakola.
Masiku awiri osanyamula munthu.
Mwini galimoto, amene amakhala ku Alberton,
safuna kumva za mavavu,
Lachisanu lake ndi Lachisanu basi.
Ndinasiya kuwonkhetsa nditadutsa
pamene mnyamata wa cholembera anaimira.

Usiku ndinaimba kumudzi.
Ndinazungulira, za kuzizira, za mtengo wa petulo,
mpaka Nasibeko anandidula:
Ndamva, malata adikire.
Beseni lidakalipo, anatero,
ndikudziwa kale ngodya imene imadontha.
Kenako anafunsa ngati ndadya.
Mayunitsi anathera pomwepo.

Tsopano injini yauma.
Ku Mayfair, ku Southgate, ku bwalo la ndege,
palibe amene amakwinya mphuno.
Koma m'mawa ndimagwadabe.
Ndinayala katoni yatsopano, ya mafuta ophikira,
yotola kuseri kwa sitolo ya Msomali,
ndipo ndimaisolola pang'onopang'ono,
kuitembenuza kuwala kwa getsi la mumsewu.
Ilibe banga.
Ndimaibwezera pomwepo, pansi pa injini,
nkuitsendereza ndi njerwa
kuti mphepo ya Ogasiti isapite nayo.