Mazana Anayi

Lolemba m'mawa ku São José dos Campos,
mvula ikugogoda malata a shedi ya ndege,
Valdomiro sanandipatse moni.
Anangoti: Edileuza, tambasula manja.

Kumanja anaikako thiransifoma ya magetsi a m'nyumba,
chimphona chakuda chonunkha vanishi.
Phewa langa linatsika, chigongono chinadandaula.
Kumanzere anaikako ina,
yongofanana ndi sopo wotsala theka.
Ntchito yawo ndi imodzi, anatero.
Ndiye sankha, ukwera ndi iti kumwamba?

Ndinaseka. Iye sanaseke.

Magetsi a m'khoma la kwanu, anapitiriza,
amapita n'kubwerera maulendo makumi asanu ndi limodzi pa sekondi,
ngati wotunga madzi wachidodo:
maulendo akachepa, ndowa ikule basi.
Ndowayo ndi chitsulo, mwana iwe,
chitsulo ndi mkuwa wokulungidwa mpaka zala kutupa.
Koma a m'ndege sadziwa kukhala pansi.
Maulendo mazana anayi, liwiro la mtondo wadooka,
kakapu chabe m'manja,
chitsulo chisanakhute mphamvu ya maginito, atembenuka kale.
Kachitsulo kochepa kakwana.
Mota ichepa, jenereta iwonda,
ndipo kilogalamu iliyonse yotsala pansi
ndi mafuta osapsa,
kapena chikwama cha bambo wina
wopita ku Manaus kukaika m'bale wake.

Nanga mzinda wonse osatero bwanji?
Ndinafunsa ndikusisita phewa.

Walira mvula walira matope.
Magetsi opupuluma chonchi satha mtunda.
Mawaya akatalika amawakaniza njira,
amafika ali wefuwefu, mphamvu itatayikira m'malunje.
Kuchoka ku damu la Itaipu kufika pa firiji ya amayi ako
basi imayenda usiku wonse.
Koma ndege iyi, mphuno mpaka mchira,
ndimaimaliza khofi wanga asanazizire.

Madzulo tinalumikiza chingwe chonenepa kumimba kwa ndege.
Nyale zinaphethira, kenaka kulira kuja:
kopyapyala, kosapuma,
osati kubuula kwa firiji usiku,
koma udzudzu umene waphunzira nyimbo imodzi yokha.
Valdomiro anatsinzina, nakutsatira ndi mphuno.
Zaka makumi atatu kukukhala m'khutu mwake.
Akuti kuli pafupi ndi liwu la chingwe china
cha kagitala kake ka zingwe zinayi,
kungoti kwakwera pang'ono, pang'ono zedi,
ndiye Loweruka lililonse anzake oimba nawo ku bala
amamukalipira kuti wachuna mokweza.

Anapuma ntchito mwezi wa Malichi.
Mathiransifoma awiri aja anandisiyira m'kabati,
opanda kalata, opanda kanthu.
Yaikuluyo ndimatsekerezera chitseko mphepo ikavuta.
Yaing'onoyo ili m'thumba la ovolosi yanga,
ndipo dzulo ndinaiwala kuti ilimo
mpaka itagogoda m'makina ochapira.

Mawa kubwera mnyamata watsopano, Josimar.
Ndamva kuti amayankhula kwambiri.