Masiku Khumi a Chete ku Vigo

Dokotala anasuzumira kukhosi kwa Xurxo
nati: pali timatuza tiwiri, tonga njere za mpiru.
Masiku khumi osayankhula.
Ngakhale kunong'ona ayi,
kunong'ona kumapala kukhosi kuposa kukuwa.

Zaka makumi atatu akugulitsa nsomba pa okushoni
padoko la Vigo kusanache,
mitengo ikugubuduka m'kamwa ngati miyala ya mumtsinje,
chisanu cha m'nyanja chikumulasa m'chifuwa,
khofi wowawa, ndudu, kenako kukuwanso.

Lero ali phee kukhitchini, mpango m'khosi,
wafunda thaulo pamwamba pa beseni la nthunzi.
Madzi ofunda, kapu ndi kapu.
Sabela wabisa ndudu m'thumba la mpunga.

Tsiku lachinayi analemba pakapepala:
Kodi wotchi iyi imalira chonchi masiku onse?

Lachisanu ndi chiwiri
anamva mkazi wake akung'ung'udza kanyimbo potsuka mbale,
kanyimbo komwe zaka zonsezi
kankamira pansi pa mawu ake.

Lakhumi anamwa madzi, nameza malovu,
natsegula pakamwa mwamantha
ngati wotsegula chitseko cha nyumba ya eni.
Mawu anatuluka ang'onoang'ono, osalala:
Sabela, kayambirenso.