Pensulo ya Bambo Tunstall

Anandigulitsa bwatoli ku Middlewich, mvula ikuwaza,
Bambo Tunstall, mawondo atawakana.
Makiyi anawamangirira ku kampira koyandama.
"Adzagwera m'madzi," anatero. "Sindikuti mwina."

Ine maso anali pa penti wobiriwira ndi makatani,
pa utsi wa mbaula ukukwera mowongoka pamwamba pa ngalande.
Ndinatambasula manja, ndinakhudza makoma onse awiri,
ndinati basi, nyumba ndi imeneyi.
Palibe anandiuza kuti chitsulo chogona m'madzi
chimadyedwa ngakhale Lamlungu.

Zolemba zawo ndinazipeza pang'onopang'ono,
za pensulo, zilembo zopendekera ngati mpanda wakale.
Kuseri kwa chitseko cha injini:
"Usanagone, potoza chopanira girisi kawiri.
Dontho limodzi pa mphindi ndi ulemu.
Madontho atatu ndi mlandu."

Pa chivindikiro cha pulopela:
"Zimitsa. Zula kiyi. Ika m'thumba.
Kenako pisa dzanja."
Ndapisa, m'Januwale, madzi akuluma mpaka m'khwapa.
Ndavuula majumbo, waya, theka la ambulera,
ndi buluku la munthu wina, lamba ali pompo.
Sindinafunse.

Za chimbudzi sanalembe kanthu, anali munthu wamanyazi.
Lachinayi lililonse ndimanyamula chigubu changa
kutsata njira ya m'mbali mwa madzi,
ndipo ndikakumana ndi Oonagh wa bwato lofiira,
iye ndi chake, ine ndi changa,
timakamba za mphepo.

Masiku khumi ndi anayi akakwana, zula zikhomo, pita.
Mnyamata wa panjinga amalemba nambala ya bwato,
sadziwa kuti kumene ndikupitako mpopi unauma,
kuti malasha atsala thumba limodzi ndi theka,
kuti zipata za madzi zisanu zikundidikira
ndipo chachitatu chimafuna msana wa anthu awiri.

Novembala ndi mwezi wowerengera.
Dzuwa limangosuzumira pa sola n'kubwerera,
mabatire amafooka isanakwane sikisi.
Furiji kapena nyale? Mkaka ukagone panja.
M'mawa mazenera alira usiku wonse,
ndimawapukuta ndi sokosi yopanda mnzake.
Kuseri kwa matiresi nkhungu yajambula mapu
a dziko limene sindifuna kupitako.

Chaka chachitatu tinalitulutsa m'madzi.
Bwato pamtunda limachititsa chisoni,
mimba yonse ndere, nkhono ndi zipsera za dzimbiri.
Masiku anayi ndikupala, atatu ndikupaka phula,
ndalama ya tchuthi inathera m'zitini zakuda.
Zikhadabo zinayera pa Khirisimasi.

Usiku wina phazi linaponda chinyezi pafupi ndi bedi.
Ndinakanganula thabwa, tochi ili kukamwa,
mtima ukugunda kuposa pampu.
Pansi pa thabwalo, pensulo ija:
"Wafika kuno, ndiye kuti waona madzi.
Usathamange. Anunkhize.
Akakhala oyera ndi ako omwe, payipi yamasuka.
Akanunkha matope, dzutsa anzako."
Anali oyera.
Ndinakhala pansi ponyowapo n'kuseka mpaka abakha anadandaula.

Oonagh ndiye anandiuza, tili pamzere wa dizilo,
kuti Bambo Tunstall anatisiya mu Febuluwale,
m'nyumba yosanja, pansanjika yachinayi,
momwe madzi amangobwera ukatsegula
ndipo pansi sipagwedezeka.
Akuti ankadzukabe usiku kukamvetsera dontho.

Dzulo, pa chipata cha madzi cha ku Wheelock,
chingwe kudzanja, mphepo ikukankha mutu wa bwato,
ndinamva kuti chubwi.
Ndinayang'ana pansi.
Kampira kaja kanali kuvina pa thovu,
makiyi akulendewera kunsi kwake.

Ndinawavuula ndi ndodo yangowe.
Madzulo ndapotoza girisi kawiri,
ndasongola pensulo ndi mpeni wa buledi.
Pali malo opanda kanthu pamwamba pa mbaula.
Sindinadziwebe cholemba,
koma chumuni chikufuna kusesa lisanafike Loweruka.