Tepi Ikalira

Anandilemba ganyu chifukwa manambala anga sakhota
ndipo kwathu nʼpafupi, kuseri kwa msika wa pa Mwansambo.
Ntchito yake nayi:
mʼmawa, mame asanaume,
ndimatsegula loko pa paipi yotuluka mʼmunda wa a Kalichero
nʼkutsitsira tepi mumdima.
Imatsika, imatsika,
ikakhudza madzi imalira, tswii,
ngati mwanapiye wosochera mʼudzu.
Ndimatsina pomwe yalirira nʼkuwerenga.
Mamita khumi ndi imodzi, timizere tinayi.

Zitsime zotere zilipo zisanu ndi ziwiri
ndipo palibe amatungapo.
Ana amati ndi mijigo youma mʼmawere.

Mayi Chikhosi amabwera Lachinayi, nsapato zili matope.
Anandijambulira pansi ndi kamtengo:
apa dothi, apa mchenga, apa mwala wofewa,
pansi penipeni malasha, chigonere kuyambira kalekale.
Mumchengamo, akuti, madzi ali pa ulendo,
nkhono ikhoza kuwapitirira.
Akampani akufuna kudziwa madzi oti adzapope mʼdzenje lawo.
Iwo akufuna kudziwa kuti madziwo adzachoka mʼkamwa mwa yani.

Sabata yatha tinapopa chitsime chachitatu
masiku atatu, usana ndi usiku.
Jenereta inatigonthetsa mʼkutu.
Abakha a kwa Kalichero anadya Khirisimasi mʼngalande.
Ine ola lililonse ndi tochi pakamwa, tepi mʼmanja:
khumi ndi awiri.
Khumi ndi atatu ndi theka.
Kulira kunkachedwerachedwera
ngati munthu amene akukuyankha akuchoka.

Tsiku lachitatu Asiyatu anafika ndi ndowa yopanda kanthu pamutu.
Anati mjigo wa kumsika ukutsokomola mpweya,
wapopa mpaka mapewa kuwawa,
madzi kubwera ngati misozi ya pa maliro a mlendo.
Mʼbuku muli mzere wa tsiku, wa ola, wa mamita.
Mulibe mzere wa Asiyatu.
Ndinamulemba mʼmphepete, ndi pensulo.

Mabotolo timatsuka katatu ndi madzi omwewo,
kudzaza mpaka pakamwa, kumata dzina,
kuwagoneka mu ayezi ngati nsomba zopita ku Lilongwe.
Ndinalawako a chitsime chachisanu.
Amakoma msomali.
Mayi Chikhosi anandipatsa kamwala kakuda kothwanima timaso tachikasu:
aka, kakakhala pansi sikalakwira munthu,
koma kakaona mpweya ndi mvula
madzi amasasa, mtsinje nʼkuvala dzimbiri.
Ndinakaika mʼthumba la malaya. Kanandidetsa.

Kunyumba mchimwene wanga Lufeyo wagula kale magambutsi.
Amawapukuta madzulo aliwonse, ntchito isanabwere.
Ana ake awiri anabwezedwa kusukulu chifukwa cha fizi.
Amandifunsa, nanga manambala akuti bwanji?
Mlamu nayenso amafunsa,
ali mʼdambo mpaka mʼmawondo, kuvuula chinangwa chomwe anaviika,
kuyangʼana nazale ya mpunga.
Onse awiri ndimawayankha chimodzimodzi:
ine ndimangowerenga.

Koma usiku ndimadzipeza ndikupempherera nambala
osadziwa kuti ikwere kapena itsike.

Jenereta itazima madzi anayamba kubwerera,
tsiku loyamba mothamanga, kenako mwamanyazi.
Lero ndi tsiku lachisanu ndi chimodzi.
Khumi ndi imodzi, timizere tisanu ndi kamodzi.
Timizere tiwiri sitinabwere.
Mwina ndi dzuwa la Okutobala, mwina ndife.

Lachinayi mayi Chikhosi anatsegula buku pa boneti ya galimoto,
chala chikutsika ndi manambala.
Chinaima mʼmphepete.
Anafunsa kuti Asiyatu ndani, mjigowo uli mtunda wanji kuchoka pano.
Tinayenda wapansi, iwo akuwerenga mapazi.
Pobwera anatulutsa bolopeni
nʼkudutsitsa inki pamwamba pa pensulo yanga,
chilembo ndi chilembo.

Mawa zitsime zoyeza zikhala zisanu ndi zitatu.
Chinacho chili ndi mzere wa ndowa,
ndipo ndidzadikira nthawi yanga ngati wina aliyense.