Pampu Yachitatu, Usiku wa Lachinayi

Thanki yathu inauma Lolemba.
Ine ndavalabe yunifolomu,
ndagwira paipi yopanda kanthu
ngati chingwe cha ng'ombe yogulitsidwa kale.
Mzere wayambira pano pa Biwi,
wakhota, wakatsamira mpanda wa tchalitchi.
Madalaivala agona pakamwa pali yasa.

Akuti thankala ili pa Dedza.
Dzulonso inali pa Dedza.
Kaya Dedzayo wasendera kutali.

Mafutawa ndi mlendo wovuta kulonjera:
amabwera pa sitima, natsikira ku Beira,
kwacha wathu amamuyang'ana cham'mbali,
amafuna ndalama za eni ake.
Mphunzitsi wina, wogona mu Sienta yotuwayo,
wandiuza kuti ndi mitembo ya tizamoyo takalekale,
tofinyika pansi pa thanthwe zaka zosawerengeka.
Ife timatiotcha m'theka la ola,
kuchoka ku Depoti kukafika ku Kanengo,
ndipo manda amenewo sadzazanso.

Koma ndisawanyoze mopitirira.
Usiku umene Elufe anabuula, mwana atapingasa,
si dzuwa linatifikitsa ku Bwaila.
Anali malita awiri a m'chigubu,
ogulidwa monong'ona kuseri kwa okala.
Mwanayo lero akuyenda.

Mlamu wanga Kambwiri, ku Chinsapo,
amaumba makala a makoko a mtedza ndi utuchi,
manja bii mpaka m'zigongono.
Amati thumba lililonse
ndi mtengo umodzi wotsala chilili ku Dzalanyama.
Zoona. Koma nthawi ya mvula sauma,
amakolera mochedwa ngati mboni yokakamizidwa.
Gasi wa m'silinda sachedwa choncho,
lawi lake lobiriwira, losadetsa poto,
kungoti amatha osatsanzika,
nyemba zili pakati pa ulendo,
ndipo nayenso amadikira thankala yake.

Ku Mitundu ndinaona moto wotuluka m'ndowe,
paipi kuchoka kukhola kulowa kukhitchini.
Ndinaseka mpaka tiyi atawira.
Chaka chatha ng'ombe ziwiri zinabedwa,
motowo unapita nazo.

Ngakhale mu petulo yemwe ndimathirayu
muli thukuta la nzimbe za ku Dwangwa.
Nzimbe ukadula imaphukanso,
chitsime cha mafuta sichiphuka.
Komabe munda uli ndi malire:
pamene pamera chakudya cha injini
pakanamera cha mwana.
Masamu amenewo andikanika,
ine ndimangodziwa kuwerenga malita.

Cha m'ma leveni magetsi athima.
Jenereta yathu ili duu,
nayonso imamwa zomwe tilibe.
Filing'i siteshoni yonse mdima wa ndiweyani,
kupatula pamphambano,
pamene Mayi Zelipa akugulitsa tiyi ndi mazira.
Kababu kawo kakuyaka mbee,
kakubweza dzuwa lomwe batire inamwa masana.
Abwana a mataye, anyamata a kabaza,
onse aunjikana pamenepo ngati ngumbi,
foni m'manja, kupempha kadontho ka moto.

Ndawafunsa: Amayi, ndiye mwapulumukatu?
Ati: Mwanawe, batireyi inadutsanso pa Beira.
Mitambo ikagwirana masiku atatu
ndimagula kandulo ngati wina aliyense.
Kungoti dzuwa silinandiimitsepo pa mzere.

Tambala wachiwiri atalira, nthaka yanjenjemera.
Thankala!
Mahutala, mikuwo, zigubu kugundana,
mphunzitsi uja wathamanga nsapato imodzi.
Ndapukuta m'maso, ndakonza kolala.
Pofika masana thanki idzakhala itaumanso,
ndikudziwa, koma dzanja langa lakondwa
kumva paipi ikulemera.

Pakati pa phokosolo ndacheuka.
Mayi Zelipa atola makapu awo,
apukuta fumbi pa kasola ndi nsonga ya chitenje,
akatsamiritsa pa njerwa ziwiri
kuyang'ana kum'mawa, kumene kukufiira,
kenaka akhala pansi kuwerenga makobili.