Chigongono cha Madzi

Chaka chomwe fodya anakwera mtengo ku okushoni,
bambo anga a Yotamu anaima pachulu n'kuuloza mtsinje.
Ukuyenda ngati woledzera, anatero,
kukhota apa, kubwerera apo,
maekala awiri athunthu kungothera m'mabango.
Anaitana aganyu asanu a ku Kapiri,
anakunga chingwe cha khonje kuchokera pamkuyu kukafika pamwala,
makasu n'kudula chigongono cha madzi.
Ine ndinali sitandade folo. Ndinkawaperekera thobwa.

Mvula yoyamba tinaomba m'manja.
Madzi anadutsa m'ngalande ali tang'a,
liwiro lokathira mu Rusa, osapereka moni kwa munthu.
Chaka chachitatu anayamba kukumba pansi.
Chachisanu ndi chiwiri mbuzi inagweramo, tinaitulutsa ndi zingwe.
Chitsime cha amayi chinatsika mikono iwiri,
ndipo dambo lija linkatinyowetsa akakolo mpaka Okutobala
linang'aluka ngati chidendene cha mlimi.

Ndazindikira mochedwa, nditakhala pagombe mwana ali kumsana:
mtsinje umaluma kunja kwa khona n'kukalavula mkati.
Dothi lomwe watenga kwa Lufeyo mu Januwale
umakaliyala kwa a Nasimelo mu Malichi,
losefa bwino, lopanda lisiti.
Pokhota m'pomwe umapumira.
Ukauwongola, mphamvu zomwe ukanathera pokhotapo
umathera pa mphasa yake yomwe.

Mlangizi anabwera pa njinga yamoto yopanda galasi.
Tinkayembekeza simenti. Sanabweretse ngakhale thumba limodzi.
Anavula nsapato, anatsikira m'chigwembe,
anaponya tsamba la chimanga pamadzi
n'kulitsatira ndi maso mpaka linakocheza.
Apo, anatero, m'pomwe akufuna kugona.
Muwayalire.

Tinakhoma zikhomo zansungwi, tinaluka nthambi,
tinagubuduza miyala itatu yomwe inatithyola misana.
Tinabzala nsenjere, bango, katope,
mitengo yomwe mthunzi wake ine mwina sindidzaukhala.
Zotsalazo, anati, si ntchito ya khasu.
Dikirani Febuluwale, ndiye kapitawo.

Bambo sanatsike nafe.
Ankakhala pachulu chomwe chija, chipewa chili pabondo,
kuwerenga mizere ya nazale yomwe ikubwerera kwa achule.

Febuluwale anabwera usiku, akubangula.
M'mawa zikhomo zinayi kunalibe.
Koma kuseri kwa zotsalazo kunali mchenga wofika m'bondo,
wofiirira, wa kumtunda kwa anthu omwe sitiwadziwa,
ndipo madzi, atagunda mwala, anapotoloka pang'ono,
pang'ono pokha,
ngati munthu amene waitanidwa ndi dzina la paubwana.

Musaganize kuti unabwerera m'njira yake yakale.
Tinaulambulira, tinaudikira kumeneko mvula ziwiri.
Unakana.
Unasankha khona lina, lake, latsopano,
kudzera pakati penipeni pa dimba langa la tomato.
Ndinalira, ndinautukwana,
kenako ndinazula zomangira n'kusunthira kumtunda mapazi makumi atatu.

Tsopano mu Seputembala pansi pa katope pamakhala dziwe.
Mlamba wabwerera, ana akuti anauona ndevu.
Chingwe cha pachitsime tachifupikitsa,
chotsalacho tamangira mbuzi.

Dzulo ndinawapeza bambo m'mphepete, ndodo ili pambali,
akukankhira phesi la bango m'matope ndi chala chachikulu.
Sindinawafunse. Iwonso sanadzutse mutu.
Anangoti, kamwa ili kumadzi,
woledzera uja amadziwa kwawo.
Kenako anandipempha phesi lina.